Khoma Lili ndi Mwini, Luso Nalo Lili ndi Mwini



Pali mawu amene ndatopa nawo kuwamva, akuti aliyense wolemba ndi kujambula pa makoma a m'mizinda ndi mlesi ndiponso chigawenga. Ambiri onena zimenezi sanayambe afufuzapo kuti lusoli, lotchedwa graffiti, linachokera kuti. Ine ndikutsutsana nawo, ndipo ndipereka zifukwa zanga.

Mwambo umenewu unakula ku Philadelphia ndi ku New York chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Mu 1971 nyuzipepala ya The New York Times inalemba za mnyamata wina wogwira ntchito yotumidwatumidwa, amene ankasiya dzina lake lakuti TAKI 183 paliponse pamene wadutsa. Nambalayo inali ya msewu wa kwawo. Anyamata ambirimbiri anamutsanzira, mpaka sitima zapansi panthaka za mzindawo zinadzaza ndi mayina.

Tsono amene mumati anyamatawa anali alesi, tamvani mmene ankaphunzirira. Wongoyamba kumene ankatchedwa toy, dzina lomuchepetsa, ndipo sankayembekezera ulemu kwa wina aliyense. Ankayamba ndi siginecha yake yokha, yotchedwa tag, naibwereza papepala kambirimbiri kufikira dzanja litazolowera. Ankasunga buku lokonzeramo zilembo, naliwonetsa kwa odziwa kuti amudzudzule. Pa siteshoni ya 149th Street ku Bronx panali benchi pamene ankasonkhana, kupenyerera sitima zikudutsa ndi kuyesana ntchito. Wamng'ono ankathandiza wamkulu kudzaza utoto m'kati mwa zilembo asanaloledwe kulemba mizere yakunja. Zinkatenga zaka kuti munthu afike pojambula chithunzi chathunthu, chotchedwa piece. Kodi umenewu ndi ulesi? Ndi angati mwa ife a m'kwaya kapena otumikira pa Misa amene timalola kudzudzulidwa chotere osakwiya?

Tisaiwalenso mbiri yathu. Ku Roma, pansi pa tchalitchi cha San Sebastiano pa msewu wa Via Appia, pali makoma amene akhristu a zaka za m'ma 200 anakandapo mapemphero mazanamazana opempha Petro ndi Paulo Oyera kuti awakumbukire. Kufuna kusiya dzina pakhoma ndi kulira kwa munthu wokana kuiwalika, ndipo Eklezia amakudziwa kulira kumeneku.

Komabe, achinyamata inu, musaganize kuti ndakupatsani chilolezo. Ambiri mwa anyamata a ku New York aja ankaba utoto m'masitolo, ndipo ena anavulala kapena kufa kumene m'njanji usiku. Khoma lili ndi mwini wake. Mayi wamasiye amene wavutikira kupenta golosale yake sanalakwire munthu kuti m'mawa apeze dzina la mlendo pamenepo. Lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu limaletsa kuba, limaletsanso kuwononga cha mnzako. Kukongola kwa zilembo sikufafaniza tchimolo.

Nanga tichitenji? Mizinda iwiri ija inayenda njira zosiyana. New York inamanga mipanda, kuikamo agalu ndi kutsuka sitima, mpaka mu 1989 inalengeza kuti sitima yolembedwa siidzanyamulanso anthu. Olembawo anangosamukira pa makoma ndi pa madenga. Philadelphia, mu 1984, inalemba ntchito mayi Jane Golden kuti akumane ndi anyamata omwewo ndi kuwapatsa makoma mwachilolezo. Ntchitoyo inakula nikhala Mural Arts Philadelphia, yomwe yajambula zithunzi zoposa 4,000. Mzinda wina unathamangitsa ana ake, wina unawaitana. Inu mukuona kuti njira yachikhristu ndi iti?

Papa John Paul II, m'kalata yake ya mu 1999 yopita kwa aluso, anaphunzitsa kuti luso ndi mphatso yochokera kwa Mlengi, yoyenera kutumikira anthu onse. Choncho ndikupempha akuluakulu a mpingo ndi a m'miphakati: mwana amene amadzaza makope ake ndi zojambula musamuthamangitse. Mupatseni khoma la holo, mugulireni utoto, mupezereni womuphunzitsa. Ndipo iwe mnyamata kapena mtsikana waluso, yamba ndi pepala, landira chidzudzulo, pempha chilolezo. Kumbukira fanizo la matalente pa Mateyu 25: wantchito amene anakwirira ndalama yake ndiye anadzudzulidwa. Ife akulu tikakwirira luso la ana athu, mlanduwo tidzauyankha ndife.

Ambuye akudalitseni nonse sabata ino.