Mwana Akafa Miyendo Mwadzidzidzi: Chithandizo Chopambana ndi Chiti?

Palibe chinthu chodetsa nkhaŵa kholo ngati kuona mwana amene dzana anali kuthamanga pabwalo, lero akulephera kuimirira. Pamudzi anthu amayamba kunong'onezana. Ena amati waponda mankhwala, ena amati n'tsempho, ena amati ndi poliyo. Mantha a poliyo ngomveka, pakuti m'mwezi wa February 2022 boma lidalengeza kuti mwana wa zaka zitatu ku Lilongwe wapezeka nayo, ndipo chaka chomwecho idapezekanso mwa ana ena ku Tete. Mliri umenewo udatha mu 2024. Koma ilipo nthenda ina yolobodola ziŵalo imene makolo ambiri saidziŵa, ndipo kumene katemera wagonjetsa poliyo, ndiyo imapezeka kaŵirikaŵiri mwa ana ofa miyendo mwadzidzidzi.

Dzina lake ndi Guillain-Barré, potengera maina a madokotala a ku France, Georges Guillain ndi Jean-Alexandre Barré, amene pamodzi ndi André Strohl adailongosola mu 1916. Nthendayi si yopatsirana ndipo si yofala. Pa anthu 100,000 aliwonse imagwira mmodzi kapena aŵiri pa chaka. Boma la Chiradzulu linali ndi anthu oposa 350,000 pa kalembera wa 2018, kotero odwala ake pa chaka angakhale oŵerengeka chabe. Koma banja limene yagwera siliona kuchepako.

Chiyambi chake n'chodabwitsa. Mwana amayamba wadwala chimfine kapena kutsekula m'mimba, makamaka kobwera ndi tizilombo ta Campylobacter topezeka m'nyama ya nkhuku yosapsa bwino ndi m'madzi auve. Chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi tizilomboto, mwana n'kuchira. Tsono pakapita sabata imodzi, ziŵiri kapena zitatu, chitetezo chomwe chija chimasokonezeka n'kutembenukira mitsempha yotumiza mauthenga ku manja ndi ku miyendo, monga alonda othamangitsa mbala mumdima n'kumenya mwini nyumba. Mwana amadandaula kuŵaŵa kwa miyendo ndi dzanzi, amakana kuyenda, ndipo kufookako kumakwera mbali zonse ziŵiri, kuchokera kumapazi kunka kumtunda. Kumafika pachimake pasanathe sabata zinayi.

Madokotala ayesapo njira zitatu zoletsera chitetezo chosokonezekacho. Yoyamba ndi kutsuka magazi. Makina amatulutsa magazi a wodwala, kuchotsamo madzi ake momwe muli zoononga mitsempha, n'kubwezera magaziwo m'thupi pamodzi ndi madzi ena abwino. Zimenezi zimachitika pafupifupi kasanu pa sabata imodzi kapena ziŵiri. Kafukufuku wamkulu wa mu 1985 ku North America adaonetsa kuti otsukidwa magazi amayamba kuyenda msanga kuposa osatsukidwa. Vuto lake nlakuti pamafunika makina, antchito ophunzira bwino ndi chubu chachikulu choloŵetsa mumtsempha wa magazi, pamene mitsempha ya mwana wamng'ono njopyapyala.

Njira yachiŵiri ndi mankhwala a m'diripi otchedwa immunoglobulin, opangidwa kuchokera ku magazi a anthu zikwizikwi opereka magazi. Muyeso wake ndi magalamu 2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi la wodwala, ndipo kaŵirikaŵiri amaperekedwa pa masiku asanu. Ndiye kuti mwana wolemera makilogalamu 20 amafunika magalamu 40. Kafukufuku wa ku Netherlands wa mu 1992 adapeza kuti mankhwalaŵa sachepa mphamvu poyerekeza ndi kutsuka magazi, ndipo wina wa mu 1997 adaonetsa kuti kuphatikiza njira ziŵirizi sikuwonjezera phindu lenileni. Kwa mwana, diripi ndiyo yopepukirapo ndi yochepa zoopsa. Koma mankhwala ake ngokwera mtengo kwambiri, ndipo m'maiko osauka ngosoŵa.

Njira yachitatu ndi mankhwala a mtundu wa prednisolone, amene amathandiza pa mphumu ndi matenda ena otupitsa. Popeza ngotsika mtengo, ambiri adayembekeza kuti ndiwo adzapulumutse osauka. Koma atayesedwa kangapo adapezeka kuti pa nthenda iyi sathandiza, ndipo akumwa angathe kuchedwetsa kuchira. Kholo logula mapiritsi otere pamsika litaya ndalama, ndipo liika mwana pa ngozi.

Tsono chopambana ndi chiti? Pa njira zitatuzi, yoyenera mwana ndi diripi ya immunoglobulin, ndipo kumene kulibe, kutsuka magazi kumaloŵa m'malo mwake. Komabe n'kulakwa kuganiza kuti moyo wa mwana wagona pa botolo lokwera mtengo. Njira ziŵirizi zimafulumizitsa kuchira, koma sizidzutsa mwana tsiku lomwelo, pakuti mitsempha imadzikonza yokha pang'onopang'ono. Amapatsidwa makamaka ana olephera kuyenda okha kapena amene akufooka mofulumira, ndipo diripi imagwira bwino ntchito ikayambika m'sabata ziŵiri zoyambirira. Mwana amene nthenda yamgwira pang'ono, akuyendabe, angachire popanda zonsezi, malinga ngati achipatala akumuyang'anira.

Chimene chimapha pa nthendayi ndi kufooka kofika pachifuwa ndi pakhosi. Mmodzi mwa odwala anayi kapena asanu amafika pofuna makina othandiza kupuma. Mwana wotere akakhala pamphasa kumudzi angatsamwe ndi phala kapena kuleka kupuma usiku, pamene akakhala m'chipatala angathe kudutsa masiku oipawo n'kudzachira. Nchifukwa chake chithandizo chopambana zonse ndicho kufika msanga ndi chisamaliro cha anamwino: kuyang'anira kapumidwe ndi kugunda kwa mtima, kudyetsa mwana kudzera m'kachubu ka m'mphuno akamalephera kumeza, kumtembenuza kaŵirikaŵiri kuti asachite zilonda, kumpatsa mankhwala oletsa ululu, ndi kumuongola ziŵalo tsiku ndi tsiku kuti zisakhwinyate. Zambiri mwa zimenezi sizilira mankhwala ochokera kutali.

Kwa anthu a ku Chiradzulu njira yake njodziŵika. Chipatala chaching'ono, kaya cha ku Namitambo, ku Namadzi kapena ku Mbulumbuzi, chimatumiza wodwala ku chipatala cha boma, ndipo wofunika chithandizo chapadera amapitirira ku Queen Elizabeth mu Blantyre, kumene mu 2017 kudatsekulidwa Mercy James, malo ochitirako opaleshoni ana ndi kusamalirako ana odwala mwakayakaya. Ulendo umenewu uyenera kuyambika tsiku lomwe kufooka kwaoneka. Mwana akamakhosomola mopanda mphamvu, akamatsamwa ndi madzi, akamalephera kudzutsa mutu, kapena mau ake akachepa, nthaŵi yatsala pang'ono. Akale adati ndionetsetse adathetsa nkhosa. Masiku otayika potema mphini ndi pofufuza mfiti ndiwo masiku omwe mankhwala akadagwira bwino ntchito.

Palinso chifukwa china chofulumirira. Palibe munthu angasiyanitse nthendayi ndi poliyo mwa kungoyang'ana. Mwana aliyense wosafika zaka 15 amene walobodoka ziŵalo mwadzidzidzi ayenera kudziŵika kwa alangizi a zaumoyo, ndipo achipatala amatenga chimbudzi chake kaŵiri, pa masiku aŵiri osiyana, pasanathe masiku 14, kuti chikapimidwe. Kholo lobisa mwana limamana mwana wake chithandizo, limamananso ana a mudzi wonse chitetezo.

Chotonthoza nchakuti ana amachira bwino kuposa akuluakulu. Ambiri amayendanso pakapita miyezi ingapo, ngakhale ena amatsala ndi kufooka kwa nthaŵi yaitali. Apa mpamene pamafunika mtima wa kuona maso a nkhono n'kudekha. Akatuluka m'chipatala, mwana apitirize mafizo monga adauzira achipatala, adye zakudya zamagulu, ndipo abwerere kusukulu mphamvu zikayamba kubwera. Achibale agaŵane ntchito yomsamala, asasiyire mai yekha. Mankhwala okwera mtengo ndi nkhani ya madokotala ndi boma, koma kunyamula mwana tsiku loyamba lomwelo ndi udindo wa makolo ndi mudzi.