Ndalama za azimai zimatsikira pa siteshoni iti?

Lacisanu m'mawa ndinakwera basi pa City Market kubwerera ku Kanyama. Pafupi nane panakhala amai ena ocokera ku Soweto, beseni la tomato lili pamiyendo. Pa wailesi ya adraiva anali kukamba za thandizo la maiko akunja lotukula azimai. Amai aja anaseka cabe, ati, "Ise ndalama izi timazimvera pa wailesi." Kondakita naye anaponyapo lake: "Mami, zimatsikira panjira!"

Basi yonse inaseka, koma ine nkhaniyi inandikhala pamtima. Kodi ndani amalondola ndalamazi?

Olondola alipo. Bungwe la OECD ku Paris limasonkhanitsa malipoti a maiko olemera opereka thandizo. Pulojekiti iliyonse imapatsidwa nambala: 0 ngati siikhudza nkhani ya kufanana kwa amuna ndi akazi, 1 ngati nkhaniyo ilimo koma si colinga cacikulu, 2 ngati ndiye colinga ceniceni. Pa madola 100 alionse a thandizoli, pafupifupi 4 cabe ndiwo amakhala ndi nambala 2.

Vuto langa lili apa. Nambalayo amaika ndi mwini ndalama, poyang'ana zimene pulojekiti ifuna kucita. Siitiuza ngati mtsikana wa ku Chibolya anatsiriza sukulu, kapena ngati amai a tomato anapeza mpamba. Imawerenga ndalama pokwera, potsika palibe woiona.

Tinaonapo kale mu 2018. Britain, Sweden, Finland ndi Ireland anaimitsa thandizo zitadziwika kuti ndalama za Social Cash Transfer, madola oposa 4 miliyoni, sizinayende bwino. Nduna Emerine Kabanshi anacotsedwa nchito. Koma amene ndalamazo zinali zao ndi anthu osauka, ambiri a iwo azimai amasiye ndi agogo olera adzukulu. Iwo ndiwo anali otsiriza kuuzidwa.

Sindikamba kuti thandizo lonse ndi labodza, iai. Pulojekiti ya GEWEL, imene boma limayendetsa ndi ndalama za World Bank, yathandiza atsikana a m'mabanja osauka kukhalabe pa sukulu kudzera mu Keeping Girls in School. Cinthu cabwino cotere sicifunika kubisika m'malipoti a Cingelezi. Cilembedwe poyera.

Maganizo anga ndi awa. Pulojekiti iliyonse yochula dzina la azimai iike pepala pa msika, pa kiliniki ndi pa sukulu, m'cinenero ca anthu a pamenepo: ndalama zinabwera zingati, atsikana angati alipiriridwa, magulu ati a azimai alandira, ndipo liti. Cimodzimodzi ndalama za CDF zopita ku magulu a azimai, cifukwa nazonso zimafuna maso.

Manje tili ndi lamulo la Access to Information, limene linasainidwa mu December 2023. Limatipatsa ufulu wofunsa maofesi a boma. Funsani akhansala anu, funsani a Ward Development Committee. Azibambo, musati iyi ni nkhani ya azimai cabe. Mtsikana wocotsedwa pa sukulu ni mwana wanu, ni mlongo wanu.

Mu basi, kondakita akaiwala chenji ya K2, sitimusiya mpaka atibwezere. Nanga mamiliyoni olembedwa m'dzina la amai athu tiwasiyiranji osafunsa?