Zinyalala za Mumzinda Sizilira Galimoto Yokha

Pali mawu awiri amene amveka kawirikawiri pamene anthu adandaula za milu ya zinyalala m'misika ya ku Blantyre. Ena ati ndalama zogulira magalimoto palibe. Ena, makamaka okhala m'nyumba za mipanda, ati anthu a ku Ndirande ndi a ku Bangwe ndi auve. Mawu onse awiriwa ndi othawira ntchito chabe.

Mayi wa ku Ndirande asesa pakhomo pake tambala atangolira. Koma akasesa akataye kuti? Kumudzi banja lililonse lili ndi dzala kuseri kwa nyumba. M'tauni nyumba zathithikana, malo okumba dzenje palibe, ndipo njira n'zopapatiza kotero kuti galimoto siingalowe ngakhale itakhala yatsopano. Tsono mayiyo atsikira ku mtsinje wa Nasolo, ndipo Nasolo apereka zonse kwa Mudi. Uve wake uli pati pamenepa?

Munthu akaima pa mulu wa pamsika ndi kuupenyetsetsa, aona kuti zambiri ndi zoola: makoko a nthochi, masamba ofota, tomato wophwanyika. Zimenezi n'zolemera chifukwa zili ndi madzi. Motero galimoto ikamapita kumtaya ku Mzedi, imatentha mafuta a mtengo wapatali kunyamula madzi ndi manyowa, pamene mlimi wa kudimba akulira ndi mtengo wa feteleza. Kupusa koposa apa kulibe.

Njira yotsika mtengo ilipo. Msika uliwonse ukhale ndi malo awiri otayira, ena a zoola, ena a zosaola. Zoola ziunjikidwe pafupi pomwepo, zizitembenuzidwa ndi kuthiridwa madzi pang'ono, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu zisanduka manyowa ogulitsa. M'njira zopapatiza muziyenda anyamata ndi mawilibala, olipidwa ndi gawo la ndalama za ziphaso za pamsika. Wilibala siimwa mafuta, ndipo ikathyoka, wowotcherera wa ku Ndirande komweko aikonza tsiku lomwelo. Galimoto itsale ndi mabotolo, zitini ndi majumbo basi.

Majumbowo ali ndi mlandu wawo. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, ndipo bwalo lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho mu 2019, koma amene ayang'ana m'ngalande nthawi ya dzinja adziwa chimene chitseka madzi.

Wonena kuti ukhondo ndi wodula awerengere bwino. Kolera imene inabuka mu 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha nthendayo. Zoona, kolera iyenda ndi madzi oipa ndi kusowa kwa zimbudzi. Koma ngalande ikatsekeka, madzi oipawo asefukira kuzitsime ndi m'makomo momwe ana asewera.