Kuona Maso a Nkhono Nkudekha

Aphunzitsi ambiri timaphunzitsa za chilengedwe mwa kulemba maina pa bolodi ndi kuuza ana kuti aloŵeze. Ine ndikuti njira imeneyi njopereŵera, ndipo amene angatiphunzitse njira yabwino ndi anthu oŵerenga nsomba ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi.

Paki ya Nyanja ya Malaŵi idakhazikitsidwa mu 1980 makamaka pofuna kuteteza nsomba, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse lapansi. M'miyala ya zilumba za Thumbi ndi Domwe mumakhala mbuna, tinsomba tamaŵangamaŵanga timene timadya ndere za pamiyala ndi kufungatira mazira m'kamwa. Woziŵerenga amavala galasi la kumaso, naluma kampope kopumira, nayandama chafufumimba pamwamba pa madzi. Amatsata chingwe choyezedwa kale, nalemba ndi pensulo pa sileti ya pulasitiki.

Pa ntchitoyi tikutolapo zinthu zitatu. Choyamba, wopupuluma saona kanthu, pakuti akavundula madzi mbuna zimathaŵira m'mapanga. Chachiŵiri, munthu amalemba zimene waona, ngakhale zisiyane ndi zimene amayembekeza. Chachitatu, kuŵerenga kamodzi sikokwanira. Kusintha kumaoneka pokhapokha tibwerere pamalo omwewo kaŵirikaŵiri. Motero akatswiri adapeza kuti pamene nsomba zodya nkhono zinkachepa m'madzi a ku Chembe, nkhono zofalitsa likodzo zinkachuluka.

Tsono sindikunena kuti mutengere ana m'madzi akuya. Kumeneko kungakhale kuika miyoyo yawo pachiswe. Bwalo la sukulu ndilo nyanja yanu. Tengani chingwe cha mamita 10, muchiyale pa udzu, mugaŵe ana m'magulu, ndipo gulu lililonse liyende pang'onopang'ono likuŵerenga ziwala, nyerere ndi mitundu ya zomera. Alembe tsiku, nthaŵi ndi chiŵerengero m'makope mwawo. Abwereze mwezi uliwonse, dzinja ndi chilimwe chomwe. Magulu aŵiri akasiyana maŵerengedwe, musafulumire kugamula. Afunseni chimene chawasiyanitsa, pakuti phunziro lenileni lagona pamenepo.

Ena adzati ana ngochuluka, nthaŵi njochepa, mayeso ali pafupi. Zimenezi nzoona. Komabe chingwe sichilira ndalama, ndipo m'phunziro limodzi lomweli mwana wayeza, waŵerenga, walemba ndi kufotokoza zimene wapeza pamaso pa anzake. Masamu, chiyankhulo ndi sayansi zayendera limodzi.

Inu amene muli pa maphunziro a uphunzitsi, ana amene mukawapeze ndiwo asodzi ndi alimi a maŵa. Mwana wongouzidwa kuti nsomba zikutha amaiŵala mayeso akangopita. Koma amene adadziŵerengera yekha ziwala za pabwalo, naona zikuchepa udzu utatenthedwa, akadzakula adzafunsa chimene chachepetsa nsomba m'khoka mwake.