Atsikana a ku Chileka sakuopa sayansi

Akonzi,

Ndawerenga kalata ya bambo wina amene akuti amayi odziwa za sayansi akungotaya nthawi poyendera sukulu za kumudzi, ati mtsikana wa ku Lirangwe mutu wake sungagwire fizikisi. Bambo inu, mwatilaula.

Ana athu kuno ku Chileka amakula ndege zikuwadutsa pamutu, mpaka aphunzitsi amayamba aima kaye, choko chili m'manja, kudikira kuti phokoso lithe. Koma mukafunsa mtsikana wa Fomu 2, akuuzani kuti mkazi mundegemo ntchito yake n'kuperekera tiyi. Analakwanji? Palibe anamuuza za Yolanda Kaunda, amene mu 2016 anakhala mayi woyamba wa ku Malawi kufika pa ukaputeni wa ndege. Za Rachel Sibande, amene anakhazikitsa malo a za tekinoloje otchedwa mHub ku Lilongwe, sanamvepo. Kuti Pulofesa Address Malata, namwino ndi mzamba, anakwera mpaka kutsogolera yunivesite ya MUST ku Thyolo, n'zachilendo kwa iye.

Chimene chikusowa si nzeru ayi. M'masekondale ambiri oyendera mulibe labu, ndipo mwana amafika pa mayeso a MSCE maikulosikopu akungoidziwa pa chithunzi chojambulidwa pa bolodi. Mtsikanayo kumadzulo ali ndi ndowa pamutu, mlongo wake ali pa buku. Ndiye mukuti sangathe?

Amayi asayansi nanunso ndili nanu mawu. Misonkhano yanu isamangothera m'mahotela a mu Blantyre. Kwerani minibasi ya msewu wa M1, mudzatsike pa Lirangwe mutanyamula zipangizo, atsikanawo azigwire ndi manja awo. Teremu yotsatira mudzabwerenso, mudzafunse kuti masamu anakhoza bwanji.

Mayi wokhudzidwa,
Chileka