Za Pakhomo: Katoni Siibvalidwa

Caka ciri conse, mwezi wa Ogasiti ukayandikira, mabanja a ku Mkaika ndi midzi yozungulira amayamba kukonzekera mwambo wa Kulamba, pamene mafumu a Acewa ocokera m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi. Pa nyengo yotere nsalu zimayenda kwambiri. Ana amene ali pa nchito ku Lusaka ndi ku Migodi amatumizira makolo awo zitenje zatsopano. Amai ena a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi amapemphanso abale awo kuti awatolere zidutswa zotsala kwa atelala a m'tauni, zimene iwo amalumikiza ndi kusoka zofunda ndi zikwama, ndipo zina mwa izo zimabwerera ku tauni kukagulitsidwa. Ulendo uli wonse wa nsaluzi umadya ndalama, ndipo ambiri amalipira zoposa zimene akanalipira.

Cifukwa cace ncakuti positi imalipiritsa poyang'ana kulemera kwa phukusi. Mwambo umenewu ngwakale. Ku Britain, cisanafike caka ca 1840, mtengo wa kalata unkadalira kutalika kwa ulendo ndi cuculuka kwa mapepala. M'caka cimeneco, potsata malangizo a Rowland Hill, boma linalamula kuti kalata izilipiridwa malinga ndi kulemera kwace, ndipo sitampa yoyamba inasindikizidwa. Kuno ku Zambia nchito ya positi inali m'manja mwa bungwe la PTC kufikira 1994, pamene linagawidwa pawiri, Zamtel ndi Zampost. Maina anasintha, koma sikelo idakali pa kauntala.

Sikeloyo siisankha. Imapima nsalu pamodzi ndi katoni, manyuzipepala opakirira ndi zingwe zomangira. Ndiponso mitengo ya positi imakwera ngati makwerero: phukusi likangopyola malire ena ndi magalamu ocepa okha, limalowa mu mtengo wotsatira. Mwacitsanzo, mai wina ali ndi zidutswa zolemera magalamu 900. Akaziika m'katoni imene pamodzi ndi zingwe ikulemera magalamu 250, phukusi lace lifika pa magalamu 1,150. Ngati mtengo umasintha pa kilogalamu 1, maiyo walipira mtengo wapamwamba cifukwa ca katoni, imene wolandira adzangoitaya kapena kukolezera moto.

Katoni ndi ya zinthu zosweka monga makapu ndi mabotolo. Nsalu siisweka, adani ace ndiwo madzi, dothi ndi kung'ambika kwa cokulungira. Conco cimene ifunika ndi cokulungira copepuka koma colimba. Masiku ano m'masitolo ogulitsa zolembera m'matauni mumapezeka maenvulopu a pulasitiki okhala ndi guluu pakamwa, amene salowa madzi ndipo sang'ambika msanga. Amene sangawapeze angathe kudula thumba loyera la ufa, kulicapa, kuliumitsa bwino, ndi kulisoka pa msinkhu wa nsaluyo. Thumba la feteleza kapena la mankhwala a thonje siliyenera, pakuti limasiya fungo ndi mathotho.

Kapindidwe kali ndi nchito yace. Nsalu iyambe yauma ndithu, cifukwa yacinyezi imalemera ndiponso imacita nkhungu pa njira. Isitidwe, ipindidwe mosalala, ndipo zidutswa zisanjikizidwe zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba. Kenaka zilowe m'pepala la pulasitiki, mpweya ufinyidwe, ndipo pamenepo ziikidwe m'envulopu. Phukusi lothina silikhutukira uku ndi uku m'thumba la makalata, motero ngodya zace sizibooka.

Koma kusunga ndalama kuli ndi malire. Ena, pofuna kupeputsa katundu, amaika citenje m'envulopu ya pepala la khaki. Kucokera ku Lusaka kufika ku Katete pa mseu wa Great East pali mtunda wa makilomita pafupifupi 500, ndipo pa ulendo wotere matumba amaponyedwa ndi kupsinjana. Kuyambira Novembala mpaka Epulo kuli mvula. Pepala likanyowa limaphulika, ndipo utoto wa citenje catsopano ungasuluke ndi kuononga zinzace. Munthu wotero wapulumutsa ngwee nataya makwacha, ndiponso wataya mphatso imene nakubala anali kuiyembekezera.

Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Amai atatu a mudzi umodzi amene onse ali ndi zotumiza ku Kitwe angacite bwino kufunsa mtengo wa phukusi limodzi lalikulu ndi kuuyerekeza ndi wa mapukusi atatu ang'onoang'ono, pakuti kawirikawiri limodzi limachipa. Nsalu ya munthu ali yense ikhale m'pepala lace lolembedwa dzina kuti kusakhale mkangano pogawana. Ndi canzerunso kupima phukusi pa sikelo ya pa golosale ulendo wa ku boma usanayambe, ndi kulisiya losamata kufikira kalaliki wa pa positi atalipima. Likapyola malire pang'ono, cidutswa cimodzi cingathe kucotsedwa pomwepo.

Keyala ilembedwe ndi colembera cosafufutika, m'malembo akuluakulu, pamodzi ndi nambala ya foni ya wolandira. Kapepala kena ka keyala yomweyo kaikidwe m'kati, kuti ngati ya kunja yafufutika katundu asasowe mwini. Nsalu za mtengo wapatali ziyenera kutumizidwa mwa rejisita, ndipo lisiti lisungidwe mpaka wolandira atabvomereza kuti zafika. Ambiri lero amatumiza katundu pa basi. Nakonso lisiti la ku ofesi ya basi liposa lonjezo la pakamwa.

Otumiza kwa abale a ku Malawi, Mozambique kapena maiko ena akumbukire kuti mapositi a maiko amatsata malamulo a bungwe la Universal Postal Union, limene linakhazikitsidwa ku Bern mu 1874. Pa malamulowo phukusi laling'ono lisapyole makilogalamu 2, ndipo pamafunika fomu ya kasitomu yonena zimene ziri m'kati ndi mtengo wace weniweni. Kunama pa fomuyi kungacedwetse katundu pa malire.

Ndalama ya mlimi wa ku Katete imacokera m'munda wa thonje, nsawa ndi cimanga, ndipo imabwera kamodzi pa caka. Safunsa anadya phula. Wotumiza nsalu ayambe wafunsa kalaliki kuti mtengo umasintha pa magalamu angati, ndipo apakire molingana ndi yankholo.