Nyumba za Zisudzo ndi Ndalama za Anthu: Phunziro la ku Blantyre kwa a ku Kadoma ndi Chegutu

Ife amene makolo athu anachoka ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Tete kudzakumba golide ku Cam and Motor, ku Patchway ndi ku Dalny, tinakula tikudziwa kuti gule safuna denga. Bwalo la pakomboni linali lokwanira. Koma wolemba sewero, woimba ndi wovina wa lero amafuna malo amene mvula singamubalalitsire anthu, pomwe pali magetsi ndi khomo lolipirirapo. Nchifukwa chake nkhani ya maholo a makhonsolo ikutikhudza, ndipo ndikufuna kuikamba mosapsatira mawu. Chimene chimapha nyumba za zisudzo m'maiko athu si umphawi wokha ayi. Ndi mchitidwe wotaya ndalama zambiri pa zinthu zooneka patali, nkumaumira ndalama zochepa za mlonda, denga ndi mpope wa madzi.

Amene akukayika apite ku Blantyre. Kwa zaka zambiri, French Cultural Centre ku Chichiri anali malo amene zisudzo za Malawi zinkapumirapo. Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata ankadzaza malowa, chimodzimodzinso a Kwathu ndi oimba osawerengeka. Afalansa atachoka, boma la Malawi linagula malowa mu 2011 pamtengo wa K300 miliyoni, ndipo pambuyo pake anatchedwa Blantyre Cultural Centre. Kugula kunali kwanzeru. Chotsatira chake ndicho chochititsa manyazi: malowa anasiyidwa opanda chitetezo chokwanira, akuba analowa nkusesa katundu, ndipo ntchito yokonzanso inakwawa zaka zoposa 10, nduna ina ikulonjeza, inzake nkudzalonjezanso.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Boma limene linapeza K300 miliyoni yogulira nyumba, linalephera bwanji kupeza malipiro a alonda? Ndipo chaka chilichonse chochedwa chinali ndi mtengo wake. Ndalama ya kwacha inagwetsedwa kwambiri mu Meyi 2012, inagwetsedwanso ndi 25 peresenti mu 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Malata, mawaya a magetsi ndi zokuzira mawu zimagulidwa kunja. Choncho ndalama imene ikanatha kumaliza ntchito yonse pachiyambi, patapita zaka inali yongokwanira kachigawo chabe. Akuluakulu amati mtengo wakwera, ngati kuti mtengowo unamera mapiko wokha. Mtengo sunakwere wokha. Unakwezedwa ndi kuchedwa, ndipo kuchedwako kunali ndi eni ake.

Wina anganene kuti ili ndi vuto la Afirika. Si zoona. Nyumba ya zoimbaimba ya ku Sydney anaiyerekeza kuti idzadya madola 7 miliyoni a ku Australia. Pomatsegulidwa mu 1973, itachedwa zaka 10, inali itadya 102 miliyoni. Ku Hamburg, anthu anauzidwa kuti mzinda udzalipira mayuro 77 miliyoni pa Elbphilharmonie. Pomatsegulidwa mu 2017, mzindawo unali utalipira pafupifupi 789 miliyoni. Njira yake ndi imodzi kulikonse: tchulani mtengo wochepa kuti anthu avomere, yambani kukumba zojambula zisanathe, ndipo maziko akangoikidwa palibenso amene angalimbe mtima kunena kuti tisiye. Kusiyana kwake nkwakuti a ku Sydney ndi a ku Hamburg anatsala ndi nyumba zimene dziko lonse limapita kukaona. Mzinda wosauka ukalakwitsa chonchi umatsala ndi zipupa zopanda denga, momera udzu.

Tsono chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kadoma ndi Chegutu si mizinda yopanda mbiri ya maholo. Pamene Kadoma inkatchedwa Gatooma ndipo Chegutu inali Hartley, maina amene anasinthidwa mu 1982, azungu anali ndi Campbell Theatre yochitiramo masewero awo, pomwe anthu akuda ku Rimuka ndi ku Pfupajena anali ndi malo awoawo. Tisaiwale kumene ndalama zosangalatsira anthu akuda zinkachokera m'mizinda ya Rhodesia: ku phindu la mowa wa masese wogulitsidwa m'mabawa a khonsolo. Wantchito wa mumgodi ndi wa kufakitale ya nsalu ya David Whitehead analipira yekha chisangalalo chake ndi chikho chimene ankamwera. Maholo a m'malokeshoni si mphatso ya munthu aliyense. Anagulidwa kale ndi thukuta la makolo athu, ndipo kuwalekerera nkuba kachiwiri.

Ku Zimbabwe kuno phunziro la kugwa kwa ndalama sitichita kuuzidwa. Tinaona mitengo ikusintha kangapo patsiku mu 2008, tinagwira pepala la madola 100 thiriliyoni mu 2009, ndipo ZiG imene inabwera mu Epulo 2024 inagwetsedwa ndi maperesenti oposa 40 mu Seputembala chaka chomwecho. M'dziko lotere, khansala amene angaimirire nkulonjeza nyumba yaikulu ya zisudzo yomangidwa kwa zaka zisanu, pamtengo umene akuutchula lero, mwina sadziwa masamu, mwina akudziwa bwino lomwe amene adzadye. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma ndisamveke molakwa. Pali gulu lina limene limakondwa likamva nkhani za ndalama zoonongeka, chifukwa limapezapo chonamizira. Iwo amati: madzi akusowa m'mipope, misewu ndi maenje okhaokha, tingakambe bwanji za sewero? Funsoli ndi lolemera ndipo sindikulipeputsa. Mayi amene wagona pamzere wa pachitsime sangasangalale kumva za makatani a pasiteji. Komabe yankho lake lili m'mbiri yomwe tafotokozayi. Chimene chinadya ndalama ku Blantyre si sewero ayi, koma kulekerera. Kukonza denga lodontha chaka chino nkotchipa kuposa kumanganso holo yonse zaka khumi zikubwerazi. Amene akukana kugula loko lero ndi yemweyo adzasainire kontirakiti ya mamiliyoni mawa.

Ndalama zake ziliko pamalamulo. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amalamula kuti zosachepera 5 peresenti za ndalama zimene boma latolera zizipita ku zigawo ndi makhonsolo. Malamulo omwewo anaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Gule Wamkulu analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005. Nanga chiyankhulo chovomerezeka chimene chilibe poyankhulira, phindu lake nchiyani? Mwana wa ku Eiffel Flats kapena ku Chakari amene walemba sewero m'chiyankhulo cha agogo ake akaliwonetsa kuti?

Choncho kwa inu makhansala a ku Kadoma ndi ku Chegutu, ndi ena onse osunga chuma cha mizinda, ndikupempha zinthu zinayi. Choyamba, musanajambule nyumba yatsopano, yendani m'maholo amene alipo, mulembe chilichonse chofunika kukonzedwa ndi mtengo wake, nkumata pepalalo pakhomo kuti aliyense awerenge. Chachiwiri, ndalama zobwereketsera holo zikhale ndi thumba lakelake lokonzetsera holo yomweyo, zisamamire m'thumba lalikulu lolipirira maulendo ndi misonkhano. Chachitatu, ntchito iliyonse igawidwe m'zigawo zazing'ono zotha m'chaka chimodzi, ndipo dzina la kontirakita, mtengo ndi tsiku lomaliza zilengezedwe poyera. Mtengo ukasintha, wosintha afotokoze pamsonkhano wa anthu. Chachinayi, m'komiti yoyang'anira holo mukhale azisudzo, oimba ndi akuluakulu a magule, chifukwa iwo ndiwo amadziwa pamene pakudontha.

Kwa inu anzanga a m'mayunivesite, nanunso muli ndi mlandu. Talemba mapepala ochuluka ofotokoza tanthauzo la chigoba cha Gule ndi luso la Du Chisiza, koma ndi angati mwa ife anakhalapo pamsonkhano wa bajeti ya khonsolo? Timaona ngati manambala ndi ntchito ya akalaliki. Pamene ife tikutsutsana za mafanizo, ena akugawana matumba a simenti. Wophunzira amene angafufuze mabuku a ndalama za holo imodzi kwa zaka 20 adzathandiza zisudzo kuposa nkhani khumi zotamanda akufa.

Makolo athu anavina pafumbi chifukwa sanaloledwe kulowa m'nyumba zabwino. Ife taloledwa, makiyi tili nawo. Zidzukulu zathu zikadzavinanso pafumbi, sipadzakhala mzungu womuloza chala.